Amalume, tsopano ndiwerenge chiyani?

Mlongo wanga anandiimbira Loweruka m'mawa ndili pa Kulima Tower, ndikudikira minibasi kuti idzaze. Moni sanapereke. "Achimwene, mufike kuno ku Chilenje lero lomwe, mudzaone zimene mwana wanuyu akubisa kunsi kwa matiresi." Kwathu kum'mawa mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako, ndipo nkhani ikafika poitana malume ndiye kuti mayi yamukulira. Ndinatsika n'kukwera ina. Njira yonse ndinkaganiza za makalata a anyamata, kapena zoipa kuposa pamenepo.

Pa tebulo panali buku. Linali lomaliza mwa mabuku 7 a Harry Potter, chikuto chomata ndi selotepi, masamba atada m'mbali chifukwa chodutsa m'manja ambiri. Mtsikanayo ali ndi zaka 14. Anali atawerenga onse, limodzi limodzi, mobwereka kwa mnzake wa kusukulu. Ambiri anawawerenga ndi katochi m'miyezi ija ya 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba, malaiti n'kumabwera maola owerengeka, nthawi zina pakati pa usiku anthu tili m'tulo. Wailesi yakanema inali zii, mafoni opanda moto, ndiye mwana anapeza kothawira. Mayi ake anatsegula tsamba limodzi, anaona mawu a Chingerezi otanthauza mfiti atabwerezedwa kangapo, ndipo anatseka msanga ngati agwira mbaula.

Sindinamuseke mlongo wanga. Anzanga ena okonda mabuku amaseka makolo otere, amati ndi umbuli. Ine ndikudziwa kumene manthawo amachokera chifukwa tinakulira nyumba imodzi. Mlembi wa ku Ulaya akalemba za mfiti amalemba za chinthu chimene kwawo anasiya kuchiopa kalekale, chinasanduka chipewa chosongoka chimene ana amavala pa masewera. Kwa ife mawu amenewa akadali amoyo, ndipo akatuluka m'kamwa mwa munthu mmodzi amatha kugwetsa nyumba ya mnzake.

M'chaka cha 1992, chaka cha ufa wachikasu, ndinali ndi zaka 11 kumudzi kwathu ku Katete. Chimanga chinauma chitangomasula. Kumapeto kwa mudzi kunkakhala gogo wina yekha, wamaso ofiira ndi utsi wa nkhuni, wokonda kulankhula yekha akamapalasa moto. Panamveka manong'onong'o akuti wamanga mvula mumphika. Tsiku lina masana anyamata anapita kukaphwanya miphika yake yonse pabwalo, anagumula nkhokwe yake yopanda kanthu, ena n'kumamukoka nsalu. Ine ndinali m'gulu la ana oonerera. Sindinagende, koma sindinachokepo, ndipo ndimakumbukira kuti mumtima ndinkayembekeza kuona mvula ikutuluka m'mapale aja. Gogoyo anathawira kwa mwana wake ku Chipata ndipo sanabwererenso. Ndinadzadziwa nditakula kuti chaka chimenecho mvula inakanika kuyambira kwathu mpaka ku Zimbabwe ndi ku South Africa, ndiponso kuti dziko lino lili ndi lamulo lochokera m'nthawi ya atsamunda, la 1914, loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Lamulolo linali m'mabuku ku Lusaka. Pabwalo paja panalibe amene analitchula.

Choncho nditakhala pa mpando wa mlongo wanga, ndinali pakati. Mtsikanayo anagwada chapakhomo monga mwambo, koma mawu ake sanagwade. "Amalume, ilo mukhoza kutenga, ndamaliza kale. Koma tsopano ndiwerenge chiyani?"

Ndinawauza mayi ake zimene ndimakhulupirira. Makolo athu anakulira pa wailesi, akumvera Julius Chongo mu Poceza M'madzulo, nthano zodzaza afisi, mizukwa ndi anthu osandulika nyama, ndipo palibe anati wailesi ikuphunzitsa ufiti. Ifenso agogo akati "Padangokhala" tinkayankha "Tili tonse", n'kumulirira Kamdothi pamene mvula inamupeza panjira, ngakhale tinkadziwa bwino kuti dothi silibala mwana. Mabuku amene azungu amawatcha fantasy ndi nthano zomwezo, kungoti zatalika mpaka kudzaza masamba mazana. Mwana amene walawa sangaleke, ukamulanda akawerengera kwa mnzake. Chimene malume angachite n'kusankha zoti zibwere pambuyo pake. Ine ndinaika muyeso wanga, wochokera pa bwalo la miphika lija: ndikufuna mabuku odziwa kuti mphamvu iliyonse ili ndi ngongole yake, ndiponso odziwa chimene chimachitika gulu la anthu likaloza chala munthu mmodzi. Mlongo wanga anavomera ndi pangano loti buku lililonse liziyamba lagona kuchipinda kwake.

Loyamba limene ndinanyamula Lamlungu lotsatira linali A Wizard of Earthsea la Ursula K. Le Guin, mayi wa ku America amene anamwalira mu 2018. Linatuluka mu 1968, ndipo nkhani ya dziko la Earthsea inatha ndi mabuku 6, awiri omaliza mu 2001. Ndi kabuku kopyapyala, ndipo Chingerezi chake n'choyera, chopanda zokometsera zambiri. Aliyense amene wamaliza Harry Potter ndimamuuza kuti apite kumeneku, chifukwa mulinso mnyamata wopita kusukulu ya amatsenga, koma mpweya wake ndi wina.

Earthsea ndi dziko la zilumba zambirimbiri. Ged ndi mnyamata woweta mbuzi pa chilumba cha Gont, wosauka, wanzeru, wodzimva. Khungu lake ndi lofiirira, monganso anthu ambiri a m'zilumbazo, ndipo oyera khungu m'buku loyambalo ndi achifwamba obwera pa zombo kudzawotcha midzi. Ndikunena izi chifukwa zikuto zambiri zinamujambula ngati mzungu, ndipo mtsikana wathu atafika pa tsamba limene limafotokoza khungu lake anabwerera kukayang'ananso chikuto. Matsenga a m'dzikoli amagona pa maina. Chinthu chilichonse, mwala, mphepo, mbalame, munthu, chili ndi dzina lake lenileni, ndipo wodziwa dzinalo ali nacho m'manja. N'chifukwa chake munthu amabisa dzina lake, amangouza amene amamukhulupirira mpaka imfa. Mnyamata amalandira dzinalo akamalowa ukulu, atawoloka madzi ozizira ali wamaliseche. Mchewa aliyense amene anaona mnyamata akubwera kudambwe ndi dzina latsopano, kapena amene anakulira m'nyumba momwe mayi satchulidwa dzina koma "amake uje", sangafune womumasulira pamenepa. Ndinaziwerenga ndili ku yunivesite ya UNZA, ndipo ndinadabwa kuti mayi wa kutali chotero anadziwa bwanji kulemera kwa dzina.

Koma chimene chinandigwira, ndipo chimandigwirabe, ndi mvula. Ged ali paulendo wapansi ndi mphunzitsi wake Ogion, nkhalamba yosalankhulalankhula imene anthu amaitamanda kuti inakhazikitsa pansi chivomezi. Mvula ikubwera. Amatsenga ena a pa chilumbacho amakankha mtambo kuti ukagwere kwina, wa kwinako n'kuukankhanso. Ogion amangokhala pansi pa mtengo n'kulola mvula imunyowetse, ndipo mnyamatayo amawawidwa mtima, amadzifunsa kuti mphamvu ili ndi ntchito yanji ngati mwini wake akunyowa. Pambuyo pake kusukulu amamuphunzitsa kuti ukaitana mvula pa chilumba chako mwina waitana chilala pa chilumba cha anzako. Ged samva. Chifukwa chopikisana ndi mnzake amene ankamunyoza, amaitana mzimu wa munthu wakufa kuti aonetse ukatswiri, ndipo pamodzi ndi mzimuwo pamatuluka chithunzithunzi chakuda chopanda dzina chimene chimamung'amba nkhope. Mkulu wa sukuluyo amataya moyo potseka chibowo chimene mwanayo watsegula. Buku lonse lotsala ndi Ged kuthawa chinthucho kuchokera pa chilumba china kupita pa china, mpaka tsiku limene amatembenuka n'kuyamba kuchilondola iye. Mathero ake sindiulula. Ndinawerengapo mabuku ambiri amene mnyamata amalakwa n'kukhululukidwa m'mutu wotsatira. Muno chipsera chimakhala pankhope mpaka ukalamba.

Lachiwiri ndi lachitatu, The Tombs of Atuan ndi The Farthest Shore, mwana wa zaka 14 akhoza kupitiriza nawo. Lachinayi, Tehanu, la 1990, ndi la akulu. Muli mayi wamasiye wa zaka zapakati amene akulera kamtsikana kotenthedwa pamoto ndi anthu ake omwe, ndipo mulibe nkhondo, muli mbuzi, kuluka, mantha a mkazi wogona yekha m'nyumba amuna oipa akuzungulira panja. Limenelo ndinasungira mlongo wanga.

Mndandanda wachiwiri ndi umene ndikanakonda kuti ndiupatse mwana uja wa zaka 11 amene anaima pa bwalo la miphika. Terry Pratchett wa ku England analemba mabuku 41 a dziko lotchedwa Discworld kuyambira 1983 mpaka imfa yake mu 2015. Musachite mantha ndi chiwerengerocho, simufunika kuyamba ndi loyamba. Mkati mwake muli mabuku 5 a mtsikana wotchedwa Tiffany Aching, oyamba ndi The Wee Free Men la 2003, ndipo lomaliza, The Shepherd's Crown, linatuluka mlembi atamwalira kale.

Tiffany ali ndi zaka 9, mwana wa pafamu ya nkhosa, katswiri wopanga tchizi, ndipo chida chake choyamba polimbana ndi chilombo cha mumtsinje ndi chiwaya chokazingira. Akufuna kudzakhala mfiti. Chifukwa chake n'chimene chinandikhalitsa chete pamene ndinawerenga koyamba. M'dera lawo mwana wa mfumu anasowa m'nkhalango. Pafupi ndi nkhalangoyo pankakhala nkhalamba ina yosauka, yopanda mano, yolankhula yokha. Anthu anati ndi iyeyo. Anawotcha kanyumba kake, anapha mphaka wake ndi miyala, ndipo nyengo yozizira itafika anayenda khomo ndi khomo osatsegulidwa mpaka anamupeza atafa m'chisanu. Tiffany anaona kuti gogoyo analibe matsenga alionse, anali wokalamba basi, ndipo anatsimikiza kuti iye adzakhala munthu woimirira pakati kuti zoterezi zisadzachitikenso. Ndinaika bukulo pansi, ndinatuluka panja pa nyumba imene ndinkachita lendi ku Kabwata nthawi imeneyo, ndinakhala pa sitepe mpaka udzudzu unandilowetsa.

M'mabuku amenewa ntchito ya amayi otchedwa mfiti ndi imene kwathu imagwiridwa ndi azamba, anamkungwi ndi adzukulu a pamaliro: kubadwitsa ana, kusambitsa mitembo, kuwenga zikhadabo za nkhalamba zimene abale anazitaya, kukhala ndi wodwala usiku wake womaliza. Matsenga enieni amawagwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, ndipo wamkulu mwa iwo amanyadira kuti nthawi zambiri sawafuna. Buku lachinayi, I Shall Wear Midnight, la 2010, ndi lakuda kuposa ena. Muli mzimu wa munthu wina wakale wosaka mfiti umene umalowa m'mitima ya anthu a m'mudzi n'kuwachititsa kuda amayi omwe anawabadwitsa. Aliyense amene anaonapo m'mene mphekesera imayendera mu komboni, kuchokera pa mpopi kupita pa kantemba mpaka pofika madzulo gulu lanyamula miyala, adzauzindikira mzimu umenewu. Pratchett amaseketsa kwambiri, ndipo ena amamuyesa wa nthabwala chabe. Vuto limodzi kwa owerenga athu ndi tianthu tina ta buluu ta m'mabukuwa timene timalankhula Chingerezi cha ku Scotland cholembedwa monga chimamvekera. Mtsikana wathu anavutika masamba oyamba. Ndinamuuza kuti aziwerenga mokweza, ndipo zinamasuka.

Mndandanda wachitatu ndinazengereza nawo milungu iwiri. Nnedi Okorafor anabadwira ku America kwa makolo a mtundu wa Igbo, ndipo analemba Akata Witch mu 2011, Akata Warrior mu 2017 ndi Akata Woman mu 2022. Nkhani imachitikira ku Nigeria kwenikweni, m'tauni ya fumbi, misika ndi magetsi ozimazima. Sunny ali ndi zaka 12, anabadwira ku New York, ndi wachialubino, amakonda mpira koma dzuwa limamuletsa. Amapeza kuti ndi mmodzi wa anthu obisika amene ali ndi mphamvu za mizimu. Muli chinthu chimodzi chimene ndinachikonda kwambiri: ndalama za anthuwa zimagwa zokha pamapazi pa munthu pamene waphunzira chinthu chatsopano, ndiye wolemera pakati pawo ndi wodziwa zambiri. Mulinso zilombo za gule wa kwawo zimene sizili munthu wovala nsanza koma mzimu weniweni. Kwa mwana amene anapitapo ku Kulamba ku Mkaika n'kuona Gule Wamkulu akutuluka m'fumbi, masamba amenewo amayambitsa tsemwe limene nyumba zachifumu za ku Ulaya sizingayambitse.

Chondizengereza chinali ichi. M'bukuli mphamvu ya munthu imachokera pa chimene anthu amachiyesa chilema chake, ndipo mphamvu ya Sunny yolowa m'dziko la mizimu ndi yolumikizana ndi khungu lake. Kuno kwathu, ndi kutsidya ku Malawi, chikhulupiriro chakuti thupi la munthu wachialubino lili ndi mphamvu yapadera n'chimene chadulitsa ana manja ndi kufukulitsa manda. Ndikumvetsa chimene mlembi ankafuna, kuti mtsikana wonyozedwa akhale ngwazi ya nkhani yake, ndipo woipa wa m'buku loyamba ndi munthu wopha ana pofuna mphamvu, amene bukulo limamuda poyera. Komabe sindinafune kulipereka chete. Ndinamupatsa titakhala pansi, ndinamuuza kuti mnzake wachialubino wa m'kalasi ali ndi khungu losowa mtundu basi, chimene amafuna ndi chipewa, mafuta oteteza dzuwa ndi mpando wakutsogolo kuti aone pa bolodi. Anandiyang'ana ngati ndamunyoza. "Amalume, zimenezo ndikudziwa." Mwina ankadziwadi. Ine pa msinkhu wake sindinkadziwa.

Pali ena amene anthu amandifunsa kawirikawiri. The Lord of the Rings la J.R.R. Tolkien, la 1954 ndi 1955, ndi tsinde la mtengo wonsewu ndipo aliyense adzafikako, koma limayenda pang'onopang'ono ngati ngolo ya ng'ombe, ndiye ndi bwino kuyamba ndi The Hobbit la 1937. Mistborn ya Brandon Sanderson, mabuku atatu a 2006 mpaka 2008, ndi yosavuta kuwerenga ndipo imathamanga, anthu amameza zitsulo kuti apeze mphamvu ndipo chitsulo chilichonse chili ndi lamulo lake. Imasangalatsa, koma ine ndikatseka sinditsala ndi kanthu pamtima. Mabuku a George R.R. Martin ndi a Patrick Rothfuss sindipatsa munthu amene ndimamukonda ndisanamuchenjeze: onse awiri anatulutsa buku lawo lalikulu lomaliza mu 2011 nkhani isanathe, ndipo a Martin si a ana ngakhale pang'ono. Nthano imafuna mathero. Agogo sankatisiya Kalulu ali m'dzenje n'kupita kukagona zaka khumi.

Anyamata a ku sekondale amene amati kuwerenga n'kotopetsa ndimawapatsa The Rage of Dragons la Evan Winter, amene anakulira kuno ku Zambia ali mwana. Muli zinjoka zolavula moto, muli nkhondo yosatha, ndipo mawu ambiri a m'dzikomo ndi ochokera ku zilankhulo za kumwera. Asilikali apamwamba amatchedwa Indlovu, ndipo Mngoni aliyense wa ku Mtenguleni, ngakhale ife Achewa, timamvamo njovu. Tau, mnyamata wa fuko lonyozeka, amaona bambo ake akuphedwa ndi anthu apamwamba, ndipo pofuna kubwezera amalowa mobwerezabwereza m'dziko la ziwanda kumene amaphedwa kambirimbiri kuti aphunzire kumenya. Magazi ndi ambiri. Ngongole ya mphamvu ilimo, chifukwa Tau amabwerako mutu utasokonekera, akuona ziwanda masana. Lachiwiri, The Fires of Vengeance, linatuluka mu 2020, ndipo nkhani sithera pamenepo.

Akulu amene mukufuna chinthu cholemera, pitani kwa N.K. Jemisin. The Fifth Season la 2015, The Obelisk Gate la 2016 ndi The Stone Sky la 2017 ndi mabuku atatu otha bwinobwino, ndipo lililonse linapata mphotho ya Hugo, zaka zitatu zotsatizana, chinthu chimene mlembi wina anali asanachitepo. M'dzikomo muli anthu obadwa ndi mphamvu yoletsa kapena kuyambitsa zivomezi. Dziko limawafuna kuti likhalepo, koma limawada, limawalanda kwa makolo ali aang'ono kapena kuwapha akadziwika. Buku limayamba ndi mayi wobwera kunyumba n'kupeza kamwana kake kakamuna kataphedwa ndi bambo ake omwe, chifukwa anazindikira kuti kali ndi mphamvuyo. Mlembi amamulankhula mayiyo kuti "iwe" kuyambira poyamba, ndipo umafika pozindikira chifukwa chake mochedwa, m'mimba n'kuchita thobvu. Ndinawerenga masamba oyambawo ndikukumbukira nkhani zimene timamva za ana othamangitsidwa m'nyumba chifukwa wina walota kuti amatamba usiku. Ili sindinamupatse mtsikana wathu. Lidikire afike zaka 18.

Ndiyenera kutchulanso la kwathu, ngakhale si mndandanda ndipo si la ana. The Old Drift la Namwali Serpell, wobadwira mu Lusaka muno, linatuluka mu 2019 ndipo linapata mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2020. Muli mkazi womera tsitsi thupi lonse, muli wina wolira misozi yosaleka zaka zambiri, muli Edward Mukuka Nkoloso ndi maloto ake otumiza Azambia kumwezi, ndipo pakati pa mitu udzudzu ndiwo umalankhula. Kuona dzina la Kalingalinga m'buku lotere kunandichititsa kanthu kena kamene sindinakamvepo ndi mabuku akunja. Kunandipatsanso njala. Tili ndi Nyaminyami mu Zambezi, anzathu a ku Zomba ali ndi Napolo wotuluka m'phiri ndi madzi, tili ndi ulendo wa Angoni owoloka Zambezi mu 1835 tsiku limene dzuwa linadetsedwa masana. Zonsezi zikudikira munthu woti azilukire mabuku atatu kapena asanu m'Chinyanja chathu chomwechi, oti mwana aziwerenga ndi katochi mayi ake osafuna womasulira.

Kupeza mabukuwa mu Lusaka ndi ntchito ya miyendo. Atsopano mukhoza kufunsa ku Bookworld, koma mtengo wake umapikisana ndi thumba la ufa. Ine ambiri ndinatola kwa anyamata oyala mabuku akale pansi m'mbali mwa Cairo Road, pakati pa mabuku a masamu ndi a maulaliki. Sasiyanitsa, amagulitsa potengera kunenepa kwa buku, ndiye a Le Guin opyapyala aja amatsika mtengo. Vuto la salaula ya mabuku ndi lakuti umapeza lachitatu chaka chino, loyamba chaka chamawa. Ndinaphunzira kugula chimene ndapeza n'kusunga.

Mwezi wathawu mayi athu anabwera kuchokera ku Katete kudzaonetsa maso, anakhala ku Chilenje milungu itatu. Madzulo ena malaiti atapita tinakhala pakhonde mozungulira mbaula, ndipo agogo anafunsa mdzukulu wawo chimene amayang'ana m'pepala tsiku lonse. Mtsikanayo anayamba kuwafotokozera za Ged m'Chinyanja chake cha mu tauni, chosakaniza ndi Chibemba apa ndi apo. Atafika pa Ogion anakakamira, anasowa mawu, kenaka anati, "Anali mfiti, agogo."

"Ankadya anthu?"

"Iyayi."

"Ankauluka pa lichero usiku?"

"Iyayi, agogo. Ankayenda pansi ndi ndodo, ankathyola mankhwala m'nkhalango, ndipo analetsa chivomezi kuti mzinda usagwe."

Agogo anatakasa makala ndi kamtengo. "Ndiye usamutchule choncho munthu wa eni. Ameneyo ndi wa pakachisi, ngati aja ankatipemphera mvula kale. Pitiriza."

Anapitiriza mpaka makala anazirala. Mlongo wanga anali pakhomo ndi mbale m'manja, sanalowe nazo mpaka pamene chithunzithunzi chija chinatuluka. Agogo anabwerera kumudzi nkhani ili pakati, Ged ali pa bwato pakati pa nyanja, ndipo tsopano Lamlungu lililonse madzulo amapita kwa mphunzitsi wa pafupi amene ali ndi foni kuti mdzukulu wawo awauze mutu wotsatira. Atsala ndi mitu iwiri. Buku lachiwiri langa ndinabwereketsa kalekale ndipo silinabwerere, ndiye dzulo ndinadutsanso pa Cairo Road. Mnyamata wa pakona ndinamulembera dzina la bukulo pa kapepala, ndipo wati ndikayang'anenso kumapeto kwa mwezi, katundu wina akubwera.